Chidulo, chidede ndi mabatire akutha

Ambiri mwa ife amene tinaphunzitsa sayansi m'masekondale oyendera akumudzi sitinaphunzire ntchito imeneyo ku koleji. Tinali aphunzitsi a pulayimale, a T2, ndipo ku sekondale tinalowera khomo la kuseri. Boma linatsegula Malawi Correspondence College mu 1965 kuti ana osowa malo ku sekondale aziphunzira powerenga maseti ndi kumvera wayilesi ya MBC. Mu 1987 dzina linasintha n'kukhala Malawi College of Distance Education, MCDE ija. Ife anatitumiza m'masenta ake kuti tiziyang'anira ana akamawerenga masetiwo. Koma kholo limene lagulitsa mbuzi kuti lilipire fizi silifuna kumva zoti mwana akudziphunzitsa yekha. Limafuna munthu woima kutsogolo, choko m'manja. Tinaimadi. Pamene boma linasandutsa masentawo kukhala ma CDSS cha mu 1998, chimene chinasintha ndi chikwangwani cha pamsewu. Mphunzitsi anali yemwe uja.

Ine sayansi inandipeza motere: ahedi anayang'ana satifiketi yanga ya MSCE, n'kuona kuti Biology ndinakhoza bwino. "Aphunzitsi, Biology ndi yanu. Ndipo poti mwatenga kale imeneyo, Physical Science musaisiye yamasiye." Nkhani inathera pomwepo.

Zida zinali buku la Biology la Mackean, lothothoka chikuto, ndi la Physical Science la Keith Wallis, limene linkagona m'kabati mwa ahedi. Usiku ndinkawerenga pa koloboyi mutu woti ndikaphunzitse mawa, m'mawa n'kukautsanulira pa bolodi. Ana ankakopera manotsi mpaka zala kuwawa. Botolo loyesera tinkalijambula ndi choko, moto wake ndi choko, ngakhale utsi. Mwana ankaloweza kuti pepala la litimasi limafiira mu asidi, chonsecho pepalalo sanaligwirepo. Ikafika nthawi ya mayeso a pulakitiko, tinkabwereka zida ku sekondale ya boma yoyandikana nafe, ndipo ena byureti ankayamba kuiona tsiku la mayeso lomwelo, manja akunjenjemera, madzi akutayikira pa pepala la mafunso.

Thandizo litayamba kubwera, linayambira ku pulayimale, ndipo m'pomveka. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi, ana a pulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Analemba aphunzitsi masauzande osaphunzitsidwa, n'kumawasula ali kale pantchito kudzera mu pulogalamu ya MIITEP. Anamanga malo osulira aphunzitsi otchedwa ma TDC m'mazoni, alangizi a maphunziro a pulayimale, a PEA, n'kuyamba kuyendera sukulu pa njinga zamoto. Ife a sekondale tinkangodyera nawo: ku TDC kunali mipando, kabati ya mabuku ndi denga losadontha, ndiye tinkapempha kuti tizikumanako. Kumeneko ndi kumene ndinamvera koyamba za TALULAR, kaphunzitsidwe kogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo, kamene a Malawi Institute of Education ku Domasi ankalimbikitsa. Ambiri tinaipeputsa. Tinkati boma lasowa ndalama zogulira zida, ndiye likutituma kudzala.

Amene anatitsegula maso sanali mlendo wochokera kutali. Anali bambo wina wachikulire, mphunzitsi wa Chemistry pa sekondale yogonera konko ya m'dera lathu, munthu wa labotale yeniyeni, amene sankayenera n'komwe kuvutika ndi zakudzala. Tsiku lina Loweruka anabwera ku msonkhano wathu wa kalasita ndi jumbo, n'kutulutsamo chidede chouma chodzaza dzanja, mandimu awiri, kabotolo ka chidulo chimene akazi awo anatcheza chophikira therere, ndi timabotolo ta mankhwala totha ntchito totsukidwa bwino. Anawiritsa chidedecho m'chitini pa mbaula, madzi n'kufiira. Anagawa madziwo m'timabotolo titatu. M'koyamba anafinyiramo ndimu, ndipo kufiira kuja kunawala, kuchita psuu. Kachiwiri anakasiya. M'kachitatu anadonthezamo chidulo, ndipo tikuona, madzi aja anada n'kuyamba kubiriwira. Kenaka anatenga ndimu n'kumadonthezera m'kobiriwira muja, dontho limodzilimodzi, mpaka kufiira kunabwerera.

"Mwaona chiyani?" anatifunsa. Wina anayamba kulakatula tanthauzo la m'buku. Bamboyo anamudula. "Ayi achimwene, sindinafunse zimene mwawerenga. Mwaona chiyani?"

Sanalekere pomwepo. Anatipatsa aliyense kabotolo kake, nati tiyese sopo, phulusa, soda, thobwa losasa, madzi a pachitsime. Anthu akuluakulu, ena a imvi, tinali kukanganirana ndimu. Mutu wa asidi ndi alikali umene ndinakhala ndikuulemba pa bolodi zaka zambiri, tsiku limenelo ndi pamene unalowa. Ndipo nditakachita ndi ana anga Lolemba, amene anatsogola anali atsikana, poti chidulo ankachidziwa kuposa ine: ankadziwa phulusa la zitsononkho ndi la makoko a mtedza, lakuthwa ndi liti.

Bambo yemweyo anatiphunzitsa kung'amba mabatire akutha a wayilesi. M'kati mumakhala kamtengo kakuda ka kaboni, kunja chikopa cha zinki. Timitengo tiwiri totere, mawaya ndi mabatire amoyo, ukativiika m'madzi a mchere wambiri, thovu limayamba kutuluka, ndipo mbali imodzi imanunkha ngati mankhwala othira m'madzi akumwa, chifukwa ndi kolorini yemweyo. Botolo la inki lokhala ndi chingwe cha nyale ndi sipiriti linkalowa m'malo mwa moto wa gasi. Masirinji atsopano opempha ku chipatala ankayeza madzi mwa mamililita. Poyesa sitachi m'tsamba, ayodini tinkamupeza ku chipatala komweko, koma mowa wochotsera kubiriwira kwa tsamba unkasowa, ndiye tinkagula kachasu woyamba kutcheza, waukali uja. Ahedi athu anali mkulu wa mpingo, ndipo risiti ya kachasuyo anakana kuisainira. Ndinalipira za m'thumba.

Zimenezi sizinathetse umbuli wathu wonse, ndipo sindifuna kuti achinyamata aziganiza kuti zitini zingalowe m'malo mwa maphunziro. Munthu wosadziwa chifukwa chimene chidede chasinthira mtundu amangochita matsenga pamaso pa ana. Maphunziro enieni tinakawapeza ku Domasi College of Education, imene inayamba kusula aphunzitsi a sekondale mu 1993. Cha mu 2000 kolejiyo, mothandizidwa ndi dziko la Canada, inatsegula njira yoti aphunzitsi a m'ma CDSS apeze dipuloma osasiya ntchito. Patchuthi tinkakagona ku Domasi, sukulu zikatsegulidwa n'kubwerera ndi mamojulo, kumalemba ntchito usiku titatha kuchonga makope a ana. Zinali zowawa. Anzathu ankapita kukakolola, ife tili pa desiki kulimbana ndi ma mole. Koma kumeneko ndi kumene ndinayamba kugwira sikelo ya mu labotale ndi maikulosikopu yoona bwino, ndili bambo wa ana akuluakulu.

Kenaka kunabwera SMASSE. Ntchitoyi inayambira ku Kenya mu 1998 mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, ndipo kuno inayesedwa kuyambira 2004 m'chigawo cha maphunziro cha kummwera chakummawa, cha ku Zomba, Machinga, Mangochi ndi Balaka, isanafalikire dziko lonse kuyambira 2008. Ena mwa otiphunzitsa anali atakaona okha ku Nairobi. Anabwera ndi zilembo zawo, ASEI ndi PDSI, zimene tinkaziimba mpaka kutopa nazo. Tanthauzo lake linali losavuta: mwana agwire, ayese yekha, mphunzitsi apange chida ngati palibe, ndipo phunziro ulikonze, uliphunzitse, uone mmene layendera, ulikonzenso.

Pa zonsezo, chimene chinandisintha ine ndi kuona kuja. Unkaima pamaso pa aphunzitsi anzako, iwo n'kukhala ana a Fomu 2, iwe n'kuphunzitsa. Ukamaliza ankakusenda. "Mwafunsa funso n'kuliyankha nokha." "Chida chija mwachigwira nokha phunziro lonse, ana angochionera patali." "Mwaitana anyamata okhaokha." Kwathu kuno munthu wamkulu sadzudzulidwa pagulu, ndipo tsiku loyamba ena anakwiya mpaka kukana nsima. Koma kuyambira pamene ndinayamba ntchito, amene ankalowa m'kalasi mwanga anali woyendera sukulu yekha, wodzaona ngati masikimu ndi mapulani alembedwa. Kuti mnzako wa phunziro lomwelo akhale kumbuyo, osati kudzakupezera chifukwa koma kudzathandizana nawe kuganiza, zinali zachilendo. Ubwino winanso unali wakuti maphunzirowa ankabweranso patchuthi china, ndiye unkatha kukayesa ku sukulu n'kubwera ndi funso.

Si misonkhano yonse inali yotero. Zaka zimenezo kunachuluka mawekishopu a mabungwe osiyanasiyana, a masiku awiri kunyanja kapena ku hotela ya m'tauni. Funso loyamba pofika silinali la phunziro, linali la alawansi. Sindiwaweruza anzanga, malipiro athu ankatha mwezi usanafike pakati. Koma mapeto ake opita ankakhala omwewomwewo, oyandikana ndi ofesi, nthawi zina munthu wa Geography kupita ku msonkhano wa Physics poti ndi nthawi yake yodya. Wopitayo ankayenera kudzaphunzitsa anzake, anzakewo n'kuphunzitsanso ena, ndipo pofika kwa ife a kumapeto zinkakhala ngati thobwa limene khomo lililonse lathirako madzi. Chotsala chinali chikwama cholembedwa dzina la bungwe.

Za chilengedwe zinayenda njira ina. Kalelo panalibe mphunzitsi wotchedwa wa zachilengedwe. Nkhanizo zinali zomwazikana mu Biology, Geography ndi Agriculture, ndipo amene ankazisonkhanitsa anali patironi wa kalabu ya Wildlife. Sukulu yathu ife apatironi inali bungwe limene lero likutchedwa Wildlife and Environmental Society of Malawi, lakale ndithu, loyamba mu 1947. Linkatumiza kumakalabu magazini ya Nantchengwa, ndipo kope limodzi linkazungulira mpaka kusanduka nsanza. Mwayi ukapezeka tinkatenga ana pa lole kupita ku Liwonde kapena ku Michiru, kumene alonda a nkhalango ankatchula mtengo uliwonse dzina lake ndi ntchito yake. Ine ndinkayenda kumbuyo kwa ana ndi kope, kulemba mobisa, chifukwa wophunzira wamkulu pa ulendowo ndinali ineyo.

Tsiku lodzala mitengo linayamba mu 1976, nthawi ya a Kamuzu, mwezi wa Januwale. Tinkadzala bulugama ndi malaina m'mizere, alendo n'kuomba m'manja, pofika Okutobala mbuzi ndi dzuwa zitamaliza theka. Kudzala aliyense ankatha. Zofesa mbewu m'machubu, kusankha mtengo woyenera malo, ndi kugawana ntchito yothirira patchuthi, tinaziphunzira kwa alangizi a zankhalango ndi azaulimi, anthu amene sankawerengedwa n'komwe ngati ophunzitsa aphunzitsi. Mlangizi wina ndi amene anandiimika pansi pa msangu m'munda wa chimanga, n'kundionetsa kuti mtengowu umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene ina ikuphuka, motero suphimba mbewu ndipo umadyetsa nthaka. Phunziro la nayitirojeni ndinayamba kuliphunzitsira pansi pa mtengo umenewo.

Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995, monga inachitiranso mu 1968, ana a asodzi anabwera m'kalasi ndi mafunso amene buku lathu linalibe. Matemba apita kuti? Madzi adzabweranso? Tinachita kufunsana tokhatokha ndi kufunsa aphunzitsi a ku Chancellor College kuti timvetse bwino: nyanjayi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imadalira mitsinje ngati Domasi, Likangala ndi Phalombe, ndiye mvula ikavuta zaka zotsatizana dzuwa limaimwa yonse, nsomba n'kubisala m'maiwe a m'mitsinje mpaka madzi abwerere. Agogo a anawo ankadziwa mbali ina ya nkhaniyi, ndipo tinawaitana kudzayankhula ku kalabu. Chovuta cha makalabu chinali chimodzi: patironi akasamutsidwa, kalabu inkafa, nazale n'kumera udzu.

Nditamva za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2002 n'kupanga makina amagetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotola, chimene chinandigwira mtima ndi chakuti nzeruzo anazipeza m'kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale, m'buku lotchedwa Using Energy. Ndinakumbukira makatoni a mabuku amene ndinawaona m'masukulu ena ali chitsekere, ahedi akuopa kuti ana awadetsa.

Lero njira zachuluka. Kuli Nalikule College of Education ku Lilongwe, imene inamangidwa ndi thandizo la Japan makamaka chifukwa cha aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Ku Domasi ndi ku Mzuzu University munthu amatha kukweza maphunziro ali pantchito. Physical Science anaigawa pawiri, Physics payokha, Chemistry payokha, ndiye ofunika achulukanso. Mphunzitsi wina wachitsikana, amene ndinamuphunzitsa Fomu 1, anandionetsa pa foni yake zoyeserera za PhET, zaulere, zochokera ku University of Colorado: amalumikiza mawaya ndi chala, babu n'kuyaka, akachulukitsa mabatire n'kupsa popanda chowonongeka. Ndinachita nsanje. Ndinamufunsa kuti ana ake amazigwira bwanji, nati foni ndi imodzi, kalasi ndi yodzaza mpaka pakhomo, bandulo ndi ya m'thumba mwake, ndipo kutchaja n'kumsika. Ndiye amaonera yekha usiku kuti amvetse, m'mawa n'kupita ndi mawaya enieni ndi mababu a tochi.

Anandionetsanso gulu lawo la pa WhatsApp la aphunzitsi a sayansi a m'boma lathu. Amatumizirana mapepala a mayeso akale, manotsi, ndi maliro. Mayeso a pulakitiko akayandikira gululo silimagona: uyu akufunsa amene ali ndi mabyureti otsala, uyo akufunsa kasungunulidwe ka mankhwala kuti afike mphamvu imene a MANEB alamula, wina akujambula botolo lofufutika dzina kuti anzake amuuze ngati lili bwino. Wokhala ndi zidazo amayankha kuti zibwera mawa pa kabaza, atazikulunga m'chitenje, ndipo wobwereka alipire yekha wanjinga.