Hosipawa ya m'kabuku sikwera mapiri a Misuku

Munthu akabwera ndi njinga yamoto yatsopano n'kuyamba kundiwerengera nambala ya pa thanki, ndimadziwiratu kuti wogulitsa wamupusitsa. Akuti, "Amakaniko, iyi ndi 200, ikwera paliponse." Nambala imeneyo ndi ma cc, kukula kwa silinda basi. Ndipo ndatsegulapo injini zomatidwa 200 n'kupezamo pisitoni ya 150.

Hosipawa ndi nkhani ina. Imodzi ndi mawati 746, muyezo umene anauyambitsa James Watt wa ku Scotland poyerekeza injini zake za nthunzi ndi akavalo. Kabuku ka Boxer 150 kamati ili ndi pafupifupi 12, ndipo sikanama. Koma 12 imeneyo imatuluka injini ikamazungulira ka 7,500 pa mphindi. Ndani amakwera motero msewu wochokera ku Kapoka mvula itagwa, kumbuyo kuli munthu ndi thumba la feteleza? Kuno ku Mughese timafuna njinga yokoka injini ikuzungulira pang'onopang'ono.

Izi anandiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire ku Karonga, amene ndinkamutsukira masipanala ndili mnyamata. Anali ndi Lister yakale, ya silinda imodzi ndi mawilo awiri olemera, hosipawa 6 zokha, yozungulira ka 650 pa mphindi. Ankandiimika pambali pake n'kundiuza kuti ndimve mmene ikugundira ikapatsidwa katundu. Sinkakuwa, sinkafooka. Kenako ankandilozera njinga ya hosipawa 12 n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, pa ziwirizi, iti ingagwire ntchito kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa?" Bamboyo sankalola kuti ugwire kabuleta usanamuonetse pulagi. Ukaiwala, tsiku lonse unkangosesa. Sankadziwa kuwerenga kwenikweni, koma khutu lake linkadziwa valavu yomasuka njinga isanaime. Mpaka lero sindinamuone wofanana naye.

Za kusintha oilo ndi kukunga tcheni sindinenapo, aliyense amazidziwa. Povuta ndi pa mpweya. Karonga ili m'mbali mwa nyanja, mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere. Ife tili pamwamba pa 1,500, ndipo nkhalango ya Mughese ili pamwamba kuposa apo. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse amene wakwera. Ndiye kuti njinga imene inkakusangalatsani ku Karonga ikamafika kuno yataya kale hosipawa yathunthu kapena kuposa. Kabuleta sidziwa zimenezo, imangothira petulo yofanana. Petulo imachuluka, mpweya n'kuchepa, njinga imayamba kutsamwa pa chitunda ndipo pulagi imada bii.

Apa m'pamene ndimakhala pansi. Ndimayamba ndi sefa ya mpweya, chifukwa fumbi la m'chilimwe limaitseka. Kenako ndimatsitsa singano ya kabuleta ndi mzere umodzi, ndimakwera nayo chitunda, ndikabwera ndimasula pulagi ikadali yotentha. Ndimafuna mtundu wa khofi wokazinga pang'ono. Ikakhala yakudabe, ndimaika jeti yocheperapo, sitepe imodzi yokha. Ndisanatero ndimafunsa mwini wake kumene amayenda. Wakabaza wotsikira ku Karonga mlungu uliwonse sindimuchepetsera kwambiri, chifukwa kumeneko petulo idzachepa, injini idzatentha, pulagi idzayera, ndipo pisitoni ikhoza kugwira. Woyenda m'midzi ya konkuno, wonyamula khofi kupita kumalo osendera, ameneyo ndimamutchunira za kuno.

Chachiwiri ndi sipuroketi. Ya kumbuyo ikakhala ndi mano ochulukirapo, hosipawa siiwonjezeka, koma njinga imakoka bwino pa giya yotsika ndipo kilatchi imapuma. Liwiro limachepa, inde. Koma kodi pa makona a kuno muthamangira kuti? N'chifukwa chake Yamaha AG200 ya alangizi imadutsa pomwe njinga zonyezimira zimakankhidwa.

Chimene chimandiwawa ndi anyamata ogwira masipanala awiri pansi pa mtengo. Amachotsa sefa, kuboola ekizozi, njinga n'kumalira kwambiri, mwini wake n'kumati mphamvu zabwera. Pakapita miyezi yochepa fumbi ladya maringi, utsi uli tolo. Akafika kwa ine amadandaula mtengo, amvekere, "Uja anandilipiritsa pang'ono." Enanso amafuna ngongole mpaka khofi adzagulitsidwe, pomwe jeti ndi maringi ndimagula ndi ndalama zanga, zina mpaka kuwoloka Songwe.

Mukafuna kugula njinga, musafunse ma cc okha. Funsani kuti hosipawa zake zimatuluka injini ikuzungulira kangati, werengani mano a sipuroketi, ndipo muiyese pa chitunda mutanyamula munthu. Mukagula, ibweretseni ndiione pulagi musanainyamulitse katundu.