Kodi Wotchi Inasokera?

Pakati pa ana a sukulu a kwa Dzoole amene anaonerapo kanema wa zojambula wa Ben 10, kaya pa Mponela kaya pa foni ya achimwene awo, pali mlandu umene sunagamulidwe. Akusiyana maganizo pa funso limodzi: kodi wotchi yodabwitsa ija inagwera mwini wake?

Kanemayu anayamba kuonetsedwa ku America pa Cartoon Network m'chaka cha 2005. Ben Tennyson, mnyamata wa zaka 10, akuyenda patchuthi ndi agogo ake, a Max, pamodzi ndi Gwen. Azungu amati Gwen ndi msuweni wake, koma popeza atate awo ndi apachibale, pa Chichewa ameneyu ndi mlongo wake ndithu. Usiku wina chinthu chikugwa kuchokera kumwamba, ndipo wotchi yotchedwa Omnitrix ikumatirira pamkono pa Ben. Akaikhudza amasanduka chimodzi mwa zolengedwa 10 za kumaiko a kunyenyezi.

Anyamata ambiri amaikira Ben kumbuyo. Amati ngolimba mtima, ndipo sathawa ngakhale atakumana ndi Vilgax, mdani woopsa uja. Atsikana amaseka. Iwo aona kuti Ben ngwaphuma ndi wodzitama, ndipo kawirikawiri amafuna Four Arms, chimphona cha manja anayi, pamene vuto likusowa Grey Matter, kanthu kakang'ono kanzeru. Wotchiyo nthawi zina imampatsa cholengedwa chimene sanasankhe. Apa mpamene pagona nkhani. Ena amati yangosokonekera, koma ena amati ili ndi nzeru zake, ndipo ikumlanga ngati mphunzitsi wopatsa mwana funso limene anali kulizemba. Ganizo lachiwirili ndilo lokoma, pakuti Ben amapambana bwino pamene wakakamizidwa kuganiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako kuli mwa Gwen.

Palinso funso lozama. Ben akasanduka, kodi akadali Ben? Mwana wokulira m'dziko la Gule Wamkulu amadziwa kuti chilombo chikatuluka kudambwe, za m'kati mwake sizifunsidwa pabwalo. Za zojambulazi angathe kufunsa mopanda mantha. Yankho lachidule n'lakuti mtima wa Ben susintha: nthabwala zake ndi liuma lake zimaonekera m'thupi lililonse. Komatu Ghostfreak, cholengedwa chonga mzukwa, anali ndi maganizo akeake, mpaka anathawa m'wotchimo n'kuukira mwini wake. Kuyambira pamenepo palibe anganene motsimikiza kuti wovala ndiye amalamula chovala nthawi zonse.

Kanemayo mwini amavomera kuti panali kusokera. Wotchi inatumizidwa kwa a Max, ndipo inamatirira Ben chifukwa magazi awo ndi amodzi. Wopanga wake, Azmuth, sanaikonzere nkhondo ayi. Anafuna kuti mitundu ya zolengedwa imvetsane, aliyense atalawa moyo wa mnzake m'thupi la mnzakeyo. Mnyamata amene amangoona zibakera m'chida chotere ali ndi zambiri zoti aphunzire, ngakhale Azmuth anamsiyira wotchiyo atamuona ntchito zake.

Atsikana ali ndi umboni wawo. M'gawo lotchedwa Gwen 10, nkhani ikuyambiranso, wotchi ikugwera Gwen, ndipo iye akuizolowera msanga kuposa Ben. Chimene chimawawawa n'chakuti gawolo lisanathe wotchi ikuchotsedwa pamkono pake n'kukathera kwa agogo aja.