Kucoka pa 7 kufika pa 13

Caka ciliconse pa wailesi yathu timawerenga cidziwitso ca mayeso olowera ku yunivesite, aja pa Cipwitikizi amati exame de admissão. Makolo ambiri amangomvapo tsiku ndi ndalama zolembetsera. Cimene cidziwitsoco sicinena n'cakuti malo ndi owerengeka. Amayambira pa amene wapeza mavalori ambiri, n'kumatsika mpaka malo atatha. Mwana angathe kumaliza bwino kalasi ya 12 koma n'kutsala pakhomo.

Mwana wa mlongo wanga anatsala. Ankafuna maphunziro a zaulimi, omwe UniZambeze imaphunzitsa konkuno ku Ulónguè, koma pa 20 anapeza 7. Mayi ake anali atagulitsa matumba a mbatatesi kuti amulembetse, ndipo pamudzi mawu anayamba kuyenda akuti mutu wake ndi wouma, angokwatiwa.

Ine sindinavomereze. Ndinapeza mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndinayamba kumufunsa mafunso a Biologia m'Cinyanja. Mmene tsamba limapangira cakudya ca mbewu, cifukwa cimene nyemba zimabwezeretsera conde m'nthaka, zonse anafotokoza ngati akucezera kudambwe. Nditamupatsa funso lomwelo papepala, anasankha yankho lolakwika. Comugwetsa cinali timawu ting'onoting'ono: não, excepto, incorrecta. Funso likufuna cimene cili cabodza, iye akuthamangira coona cimene waciona poyamba. Pa mayeso awa umangosankha cilembo, A kapena B kapena C, ndipo palibe mphunzitsi amene angaone kuti nkhaniyo umaidziwa n'kukumvera cisoni.

Msampha umenewu ndimaudziwa cifukwa ndi nchito yanga. Tsiku lililonse ndimatembenuza zidziwitso, ndipo ndikangodumpha não mmodzi, anthu apita kumsonkhano umene walephereka. Ana athu a m'malire amaganiza m'Cinyanja, amagula ndi kugulitsa m'Cinyanja ku Calómuè ndi ku Dedza, ndiye Cipwitikizi cimatsala m'kalasi ngati yunifomu.

Tinapangana kuti funso lililonse aziyamba walinena m'Cinyanja mokweza mawu, n'kudula mzere pansi pa kamawu kotembenuza kaja, kenako ayang'ane mayankho. Anaitana anzake atatu. Loweruka lililonse ankalemba pepala lathunthu foni ili pa alamu, ikalira onse zolembera pansi. Poyamba ankadandaula kuti, “Amalume, nthawi imeneyi ndi yocepa.” Ndinkamuuza kuti kumayeso kulibe malume. Analinso ndi kope lolembamo zolakwa zokhazokha, ndipo ndi limene linang'ambika msanga kuposa mabuku onse.

Nkhondo yaikulu inali ya kumunda. Mayesowa kawirikawiri amagwa mu Januwale, cimanga cikufuna khasu, nkhokwe zitapepuka. Mwana wa m'tauni nthawi imeneyo amakhala pa tebulo, wathu ali m'mizere kuyambira mbandakuca, ndipo pofika madzulo maso akungotseka okha. Ndinakhala pansi ndi mlongo wanga. “Acemwali, mwanayu mumumasule milungu isanu ndi umodzi.” Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti udzu nawonso udikira milungu imeneyo? Funsolo linali loona. Ndinacotsa pa kandalama kanga ka kuwailesi n'kulipira waganyu, ndipo alamu anga anavomera kuti mbali ya kudimba aigwira okha. Aphunzitsi angalimbikire bwanji, nkhani ya khasu imathera pakhomo, ndipo amene timadzitama kuti ndife eni mbumba tiyenera kuonekera pamenepa, osati pa ukwati pokha.

Ulendo waciwiri anapeza 13 ndipo dzina lake linatuluka. Mwa anayi aja, awiri anapeza malo. Mmodzi akuti ayesanso. Winayo anasiya, tsopano amasintha makwaca ndi mametikali pamalire, ndipo ndikamadutsa amandipatsa moni mwaulemu koma za mayeso sitikambirana.

Mapepala aja sindinataye. Ali m'katoni kuseri kwa citseko ca situdiyo, ena ali ndi mizere ya mwana wa mlongo wanga pansi pa excepto. Wofuna kubwereka abwere Loweruka m'mawa pulogalamu ya alimi ikatha, atenge kope lake, ndipo pepala abweze lisananyowe ndi mvula.