Masikara Osachoka ndi Madzi ndi Mmene Kuwachotsa Kwasinthira

Masikara ndi utoto wakuda kapena wofiirira umene umapakidwa ku tsitsi la m'mphepete mwa zikope pofuna kuti lioneke lalitali ndiponso lochindikala, ndipo pa mitundu yake yonse, umene wakhala ukusautsa kwambiri ndi uja wopangidwa kuti usasungunuke ndi misozi, thukuta kapena mvula. Gwero la vutoli n'lodziwikiratu, chifukwa utoto umene wakana madzi tsiku lonse umakananso madzi a m'beseni usiku pamene mwiniwake akufuna kusukusula kuti akagone. Anthu amene anakula m'zaka za m'ma 1980, ndipo wolemba nkhaniyi ndi mmodzi wa iwo, analipeza vutoli lili lokhazikika, koma aliona likuchepa m'njira ziwiri zosiyana kwambiri: poyamba kunasintha zochotsera, kenako kunasintha masikara enieniwo.

Masikara a mtunduwu anayamba m'zaka za m'ma 1930. Woimba wina wa ku Vienna, Helene Winterstein-Kambersky, amene zophoda zake zinkasungunuka ndi kutentha kwa nyali za pansanja, analembetsa kuboma kapangidwe kake mu 1935, ndipo Helena Rubinstein anatchukitsa ake mu 1939 kudzera mwa akatswiri osambira pachionetsero chachikulu cha ku New York. Oyambirirawo ankakhala ndi turpentine, mafuta onunkha mwamphamvu osungunulira penti, moti ankayabwa m'maso. Opanga anasiya turpentine, koma maganizo a kapangidweko sanasinthe mpaka lero. Mu masikara osachoka ndi madzi mumakhala phula, kaya la njuchi kapena la carnauba lochokera ku masamba a mtengo wina wa mtundu wa mgwalangwa wa ku Brazil, komanso utoto wopangidwa kuchokera ku chitsulo, ndipo zonsezi zimasakanizidwa m'mafuta opepuka kwambiri, kawirikawiri otchedwa isododecane, amene amauluka msangamsanga akakumana ndi mpweya. Mafutawo akauluka, phula ndi utoto zimatsala zitakangamira patsitsi, ndipo popeza madzi sasakanikirana ndi phula, amangodutsa pamwamba. Aliyense amene anapakapo nyumba penti wamafuta amadziwa kuti m'manja simuyera ndi madzi koma ndi palafini, ndipo lamulo lake n'lomwelo, lakuti chinthu chamafuta chimasungunuka ndi mafuta anzake.

Amayi a m'badwo wapitawo ankalidziwa lamuloli popanda wowauza, n'chifukwa chake ankatengera Vaseline, mafuta odzoza makanda kapena kirimu wolemera wakumaso. Njirayi inali yolondola ndithu, ndipo n'kulakwa kuinyoza ngati yachikale, koma inali ndi mavuto ake amene aliyense woiona ikugwiritsidwa ntchito sangawaiwale. Chala chinkatapa mafuta n'kuwapaka pachikope chotseka, utoto n'kusungunukadi, koma m'malo mochoka unkamwazikana kuzungulira diso lonse mpaka munthu kumaoneka ngati wamenyedwa. Kenako pankabwera thonje kapena mphepete ya thaulo, kupukuta mobwerezabwereza, maso n'kuchita chidima chifukwa cha mafuta olowa m'kati, ndipo pomaliza sopo wochotsera mafutawo, amene nayenso ankathethetsa. M'mawa kansalu ka pilo kankakhalabe ndi mizere yakuda. Choipa kwambiri pa zonsezi chinali kutikita, popeza khungu la chikope ndi limodzi mwa makungu opyapyala kwambiri pathupi la munthu, ndipo tsitsi limene lauma ndi phula limathyoka kapena kuzuka mosavuta likamakokedwa. Ambiri ankangotopa n'kugona osachotsa bwino, ndipo zotsatira za chizolowezi chimenechi zinaonekera mu 2018 pamene dokotala wa maso wa ku Sydney anafotokoza za mayi amene anapezeka ndi timibulu tolimba ta masikara kunsi kwa zikope, atakhala zaka 25 akuwapaka osawachotsa mokwanira.

Kusintha koyamba kunali kupeza mafuta amene amasungunula phula kenako iwonso n'kuchoka mosavuta. Shu Uemura, katswiri wa ku Japan amene anagwirapo ntchito yophoda ochita mafilimu ku Hollywood, anatulutsa mu 1967 mafuta osambira kumaso osakanizidwa ndi mankhwala a mtundu wa sopo, ndiye kuti mankhwala amene mbali imodzi ya tizidutswa take imagwira mafuta pamene inayo imagwira madzi. Mafuta otere amapakidwa pankhope youma, ndipo akathiridwa madzi amasanduka oyera ngati mkaka n'kutsukika pamodzi ndi utoto umene anyamula. Mafutawa anatenga zaka zambiri asanazolowereke kunja kwa Asia. Panabweranso zochotsera za zigawo ziwiri, zimene m'botolo zimaoneka zitalekana, mafuta opepuka pamwamba ndi madzi pansi, ndipo zimagwedezedwa kaye zisanathiridwe pathonje, kuti mafutawo asungunule phula pamene madziwo akuchepetsa kunona kotsalira. Madzi otchedwa micellar, amene kampani ya ku France ya Bioderma inawatchukitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1990, amakhala ndi timagulu tosaoneka ndi maso ta mankhwala a mtundu wa sopo aja, timene timakola litsiro n'kulinyamula. Paokha madziwa alibe mphamvu yokwanira pa masikara a phula, ngakhale otsatsa malonda sakonda kunena zimenezi, ndipo umboni wake ndi wakuti makampani anayamba kugulitsa mtundu wina umene auwonjezera chigawo cha mafuta.

Pamodzi ndi zochotsera zatsopanozi panafala langizo limene mwina lapulumutsa zikope zambiri kuposa botolo lililonse, lakuti thonje lonyowa liikidwe pachikope chotseka n'kusiyidwa kwa kanthawi kuti mafuta alowerere, kenako lipukutidwe mopepuka kutsikira kunsi, motsata mmene tsitsi limamerera.

Kusintha kwachiwiri n'kumene kukuoneka kozama, chifukwa kunakhudza masikara enieniwo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, makampani ena monga Blinc ku America, ndiponso ambiri a ku Japan, anayamba kupanga masikara odalira polima m'malo modalira phula lokha. Polima ndi chinthu chopangidwa ndi tizidutswa tolumikizana m'mizere italiitali, ndipo amene amagwiritsidwa ntchito pano akauma amapanga kachubu kopyapyala kokuta tsitsi lililonse palokha. Kachubuko sikasungunuka ndi mafuta a pakhungu, choncho sikachita mizere kunsi kwa maso masana kukatentha, ndiponso misozi ndi thukuta sizikasuntha kwenikweni, koma kakanyowetsedwa ndi madzi ofunda ambiri n'kufinyidwa pang'ono ndi zala, kamafewa n'kuvuka kathunthu. Woyamba kuwagwiritsa ntchito amadzidzimuka akaona timachubu takuda m'beseni, poganiza kuti tsitsi lake lazuka, pamene lonse lili m'malo mwake. Opanga amenewa anasiya kufunsa kuti utoto ungalimbe motani, n'kuyamba kufunsa kuti ungamasulidwe ndi chiyani chimene sichichitika mwangozi, popeza madzi ofunda ndi kufinya sizikumana kawirikawiri munthu ali kuntchito kapena kuukwati. Komabe masikara otere sanathetse a phula, chifukwa wosambira nthawi yaitali sangawadalire, ndiponso ambiri amaona kuti sagwira bwino tsitsi lopindidwira m'mwamba.

Palinso chifukwa china chimene chikukakamiza opanga kusintha. Mu 2021 akatswiri a ku yunivesite ya Notre Dame anayeza zodzoladzola 231 zogulidwa ku America ndi ku Canada, ndipo anapeza fluorine wochuluka mu 82 peresenti ya masikara osachoka ndi madzi amene anawayeza, chimene ndi chizindikiro cha mankhwala otchedwa PFAS, amene amakana madzi ndi mafuta omwe ndipo sawola msanga m'thupi, m'nthaka kapena m'madzi. Chigawo cha California chinaletsa kuika dala mankhwalawa m'zodzoladzola kuyambira mu 2025.

Kuno ku Malawi kusinthaku kwafika mosafanana. Masikara osachoka ndi madzi ndi amene amafunika pamaukwati, makamaka a m'nyengo yotentha ya Okutobala pamene mkwatibwi amachita thukuta kuyambira kutchalitchi mpaka kumadyerero, ndipo otsika mtengo amapezeka m'misika mosavuta, pamene chochotsera chake chimapezeka makamaka m'masitolo akuluakulu ndi m'mafamase, nthawi zina pamtengo woposa wa masikarawo. Choncho m'nyumba zambiri botolo la Vaseline likugwirabe ntchito imene linkagwira kale. Chimene chasintha n'chakuti akatswiri ophoda akwatibwi ndiponso atsikana ophunzira pa intaneti tsopano amauzana kuti mafutawo apakidwe ochepa, adikiriridwe kaye asanapukutidwe, thonje likhale latsopano padiso lililonse, ndipo nkhope itsukidwe pambuyo pake ndi sopo wosathethetsa kuti mafuta otsalira asagone m'mphepete mwa zikope, mmene muli timabowo totulutsa mafuta oteteza misozi kuti isamaume msanga.