Chifefe m'bwato

Ndimasaka abakha ndi atsekwe pa Nyanja ya Chilwa, cha ku Kachulu. Anzanga ambiri amatchera misampha ndi ulimbo, ine ndimawomba ndi chifefe. Mnyamata akabwera kuti ndimuphunzitse ulenje, mtima wake umakhala pa kulunjika. Ndimamuuza kuti zimenezo ziyambe zadikira. Kulunjika dzanja limazolowera lokha. Chovuta n'kudziwa nthawi yoti usawombe.

Chilwa ndi nyanja ya anthu. M'kati mwa njedza ndi mabango muli asodzi ogona m'zimbowera, ena akuvuula mono atawerama, osaoneka n'komwe. Tsono chifefe sichitulutsa chipolopolo chimodzi. Timipira ta mtovu timamwazika tikamapita patali, ndipo tikagunda madzi mopendekeka timanjanja n'kulowera kumene sunaloze. N'chifukwa chake ndimati: "Iwe, phokoso sawomba. Bango likagwedezeka, dikira uone mutu ndi mapiko. Ukaona, yang'ananso kuseri kwa mbalameyo." Bakha wouluka chapansi, molingana ndi mutu wa munthu woimirira m'bwato, timamusiya apite, ngakhale kunyumba kulibe ndiwo.

M'bwato mfuti imalowa yothyola, yopanda kanthu. Wowomba ndi mmodzi, amakhala kutsogolo, ndipo amawomba ali chikhalire, poti bwato silichedwa kupendama. Wokankha ndi nsungwi amakhala kumbuyo, mpope usamuloze ngakhale potembenuka. Chala chimafika pokhethemulira mfuti ikakhala kale paphewa.

Ndiye pali matope. Nyanjayi ndi yosaya, mu 1995 inaphweratu, ndipo madzi akamachepa timayenda mtunda wautali tikutitimira. Ukaterereka, mpope n'kujomba pansi, thope limatseka kukamwa kwake. Kuwomba zili choncho, chitsulo chimang'ambika m'manja mwako momwemo. Anyamata amachita manyazi kuima kuti athyole mfuti, achotse chipolopolo, asuzumire ngati kuwala kukudutsa. Manyazi amenewo ndi amene ndimalimbana nawo kwambiri. Chimodzimodzi chipolopolo chonyowa chikakana kulira: mfuti ikhalebe cholozera kumene kulibe munthu, udikire kaye, kenako uthyole. Za kachasu sitikambirana n'komwe. Wanunkha, atsale padooko.

Mapepala nawo ndi gawo la ntchito. Layisensi ya mfuti imachokera ku polisi, chilolezo chosakira ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Chilwa inalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1997, ndipo ife alenje tili ndi magulu athu amene amaletsa kupha mbalame pa nthawi imene zikuswa. Kwa ine, mnyamata wosamvera lamulo limeneli sangamverenso la mpope.

Wophunzira wanga amayamba ndi kunyamula mfuti yopanda chipolopolo, ine ndili pambuyo kuona kumene ikuloza akamakwera m'bwato, akamatsika, akamacheuka wina akamuitana. Ena amatopa nazo, amapita kwa alenje ena amene amapereka chipolopolo tsiku loyamba lomwelo. Anyamata amenewo ndikawaona chapatali m'mabango, bwato langa ndimalikhotetsera kwina.