Buku la bambo linanyowa m'boti

Anzanga a kunyanja, werengani kaye musanafowade.

Mwezi wa Julaye, mwera uli pachimake, bambo anadwala: thupi kutentha, pokodza kuwawa, kenako kuyamba kubwebweta. Mukudziwa kwathu ku Ruarwe kulibe msewu wa galimoto. Matenda akakula ndi boti basi, apo ayi udikire Ilala. Tinakwera boti, mafunde kutimenya njira yonse, buku lawo la kuchipatala n'kunyowa. Tsamba lomwe analembapo kuti thupi lawo limadana ndi Bactrim linasanduka phala.

Tinafika kuchipatala chachikulu usiku. Ine monga gadiyani ndinawauza anesi kuti, "Asisi, bambowa Bactrim ayi, anawamwapo kale milomo inatupa, khungu kusupuka." Anati amva, ndipo ndikukhulupirira anamvadi. Koma wodi inali yodzaza. M'mawa iwo anaweruka, kulowa ena, adokotala kudutsa kulemba mankhwala. Mawu anga anapita kunyumba pamodzi ndi anesi ausiku aja.

Masana mapiritsi anabwera. Bambo anali atatambasula kale dzanja. Ndinangofunsa mwamwayi kuti, "Amenewa ndi mankhwala anji?" Atatchula dzina, miyendo inandizizira. Anawasintha pomwepo, anapepesanso.

Msuweni wanga yemwe akuphunzira unamwino ku Mzuzu ndiye anandiuza za SBAR. Akuti posiyirana wodwala, kapena poitana dokotala, umanena zinthu zinayi motsatana: vuto lomwe lilipo panopa, mbiri ya wodwalayo kuphatikizapo mankhwala omwe amadana nawo, zomwe iwe wapeza utamuyeza, ndi zomwe ukufuna zichitike. Njirayi inachokera kwa asilikali a ku America a m'sitima zoyenda pansi pa madzi, ndipo mu 2007 bungwe la WHO linalimbikitsa zipatala kuti ziziitsatira.

Ndinaseka pang'ono, chifukwa pa chilimira timachita zomwezi. Siginala akaona usipa wasonkhana pa nyali sangokuwa kuti "bwerani". Amanena mbali yomwe uli, kuchuluka kwake, komwe madzi akukokera, ndiye anyamata n'kuponya ukonde. Akaphonya chimodzi, mafuta apita pachabe. Nanga munthu wamoyo n'kusiyirana ndi mawu a pakhomo, wina atanyamula kale chikwama?

Bambo anachira, abwerera panyanja. Ndinawalembera kapepala ka dzina lawo, zaka ndi mawu akuti BACTRIM AYI, n'kukamanga m'kajumbo ka shuga pamodzi ndi buku latsopano. Amadandaula kuti ndikuwayesa mwana, koma dzulo ndinakaona kali m'thumba la jekete lomwe amavala akamapita kokoka usiku.