Ndege ya Lachinayi imene inandinyamutsa Lachiwiri

Tikiti inafika pa WhatsApp Lamulungu madzulo tikudya nsima. Anatumiza ndi achemwali anga a ku London, ndipo pansi pake analemba mawu ochepa: "Ndagula yonyamukira ku Lusaka, ya ku Lilongwe yadula kwambiri mwezi uno. Siisinthika. Chonde usaiphonye."

Achemwaliwo anali oyembekezera mwana wawo woyamba, masiku atayandikira. Oyenera kupita anali amayi, koma BP inawakaniza, adokotala anati ulendo wautali ayi. Banja linaloza ine. Viza inali itatuluka kale, ndiye chotsala chinali kukwera ndege basi. Ine amene ndinali ndisanakwerepo ndege, ndisanapondeponso ku Zambia.

Pa tikitipo panalembedwa kuti Lachinayi, 02:10. Ine ndinawerenga kuti 2 koloko masana. Ndinakonza zonse m'mutu mwanga: Lachitatu m'mawa ndikwera basi yopita ku Lusaka pa Devil Street, ndikafika madzulo, ndikagona, Lachinayi ndikasamba mosathamanga n'kupita ku bwalo la ndege. Ndinadziona ngati munthu wodziwa kuyenda.

Amalume ndi amene anandigwetsa pampando. Iwowa anayendetsa mathiraki zaka zambiri pa msewu wa Lilongwe ndi Lusaka, ndipo atabwera kudzanditsanzika anapempha foni kuti aone tikitiyo. Anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Mphwanga, 2 koloko iyi ndi ya usiku. Ya masana akanalemba 14:10. Ndege yako ikunyamuka atambala asanalire. Lachinayi limene ukuliwerengerali kulibe."

Anang'amba tsamba la kalendala yakale n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake. Sanayambire pakhomo pathu, anayambira pa ndege n'kumabwerera m'mbuyo. Ndege 02:10. Ulendo wakunja umafuna ufike pa bwalo maola atatu nthawi isanakwane, ndiye 11 koloko usiku wa Lachitatu. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, basi imatha maola asanu ndi atatu kapena kuposa, zinthu zikayenda bwino. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa boda ya Mchinji ndi makilomita opitirira pang'ono 120. Pa boda penipeni anangolemba chizindikiro cha funso. Anati basi ya anthu 60 imadikira munthu mmodzi amene mapepala a katundu wake sakumveka, ndipo palibe amene angakuuze kuti mutha maola angati.

Iwo ankafuna ndinyamuke Lolemba, ndikagone ku Chipata, Lachiwiri ndikagone ku Lusaka, Lachitatu ndikhale ndikungopuma. Ine ndinawerengera ndalama za malo ogona masiku awiri ndipo ndinakana. Tinakanganapo pang'ono mpaka tinakumana pakati: Lachiwiri. Anapinda pepala lija n'kundipatsa osanena kanthu, koma nkhope yawo inaoneka kuti sanakhutire.

Lachiwiri ndinakwera minibasi ya ku Mchinji cha m'ma 9 koloko. Msewu uwu ambiri mumaudziwa: Chitedze, Msundwe, Namitete, Kamwendo, kuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Sutikesi yanga analipiritsa ngati munthu. Munali zitenje za amayi, ufa woyera, mtedza, ndi botolo la tsabola limene ndinalikulunga m'mapepala apulasitiki atatu. Pa boma pa Mchinji ndinasintha n'kukwera kagalimoto kopita ku boda, tinapanikizana anthu asanu ndi awiri, ndipo mphindi makumi awiri zisanathe tinali titafika.

Amalume ankandifotokozera boda yakale, ya maofesi awiri otalikirana, kudinditsa kuno kenako kuyenda ndi katundu kukadinditsanso uko. Zimenezo zinatha. Mu December 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira boda yatsopano ya Mchinji ndi Mwami, imene munthu amaima kamodzi kokha. Ukamapita ku Zambia umalowa m'nyumba imodzi, wa ku Malawi amakudindira kuti watuluka, ukasuntha pang'ono wa ku Zambia amakudindira kuti walowa. Mmalawi safunika viza polowa m'Zambia. Koma pa ulendo ngati wangawu pamafunika pasipoti yeniyeni. Kachikalata koolokera pa boda kaja, kamene anthu amatenga pokaona abale kutsidya, ku bwalo la ndege sikagwira ntchito.

Wa ku Zambiayo anatsegula pasipoti yanga, anaona viza ya ku Britain, n'kufunsa m'Chinyanja chawo chija chodula mawu: "Muyenda kuti? Mufuna masiku angati?"

Ndinatsala pang'ono kunena kuti awiri. Lero ndi mawa, si basi? Kenako ndinakumbukira pepala la amalume. Ndege ikunyamuka Lachinayi, tsiku lachitatu. Nanga ikachedwa, kapena akaisintha tsiku? Masiku amene akulembera pachidindo ndi amene uli nawo, ukapitirira wasanduka wolakwa, ndipo ukazindikira zimenezi uli pa mzere wokwera ndege. Ndinapempha asanu ndi awiri. Anafuna kuona tikiti. Mwayi wake ndinali nditaisindikiza pa pepala, chifukwa nthawi imeneyo foni yanga inali itayamba kale kusowa netiweki. Anadinda, analemba ndi cholembera, ndipo ndinaima pambali n'kuwerenga zimene analembazo ndisanachoke. Chitani zimenezi nthawi zonse, ngakhale amene ali kumbuyo kwanu akuusa moyo.

Panja anandizungulira anyamata osintha ndalama, mipukutu m'manja, aliyense "sisi, sisi, kuno." Ndalama zonse ziwiri dzina lake ndi kwacha, koma si zofanana ngakhale pang'ono. Kwacha imodzi ya ku Zambia imameza makwacha athu makumi angapo, makamaka chigwetsereni yathu ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndinapereka mpukutu wonenepa n'kulandira timapepala tochepa ta chithunzi cha nkhwazi, mtima unachita ngati andibera. Mnyamatayo ankadina kakyuleta yake mwachangu kwambiri moti ndinatulutsa foni n'kuwerengera ndekha. Tinasiyana ndi ndalama yokwana nsima ya masana. Anaseka n'kuwonjezera, wopanda manyazi. Ndinasintha zongokwanira galimoto, chakudya, pogona ndi basi; madola ochepa amene achemwali anatumiza anakhalabe m'kathumba ka m'kati mwa siketi.

Kuchoka pa Mwami kufika m'tauni ya Chipata ndi mtunda wosakwana ola. Dzinali limandiseketsabe: munthu wangotuluka pa chipata, walowanso m'Chipata. Kale ankati Fort Jameson. Ndi tauni yozunguliridwa ndi mapiri, yodzaza ndi njinga, ndipo khutu la Mmalawi silivutika. Ukapereka moni amakuyankha, ukafunsa njira amakulozera, kungoti amadziwiratu kuti ndiwe wa kwa aneba ukangotsegula pakamwa. Ndisanafune n'komwe pogona ndinachita zinthu ziwiri. Ndinagula SIM ya konko, imene amalembetsa ndi pasipoti, kuti ndisadalire ya kwathu. Kenako ndinapita pa siteshoni ya mabasi ku Kapata kukagula tikiti ya mawa lake.

"Basi inyamuka zero five, mufike zero four," anatero wogulitsa matikiti. Anzathuwa nthawi amaitchula mwa maola 24 ngakhale pocheza: fifteen hours, twenty hours. Wotchi yawo ndi yathu zimaloza nthawi imodzi, palibe chosintha. Koma ndinaganiza kuti ndikanakulira kuno, 02:10 ija sikanandipusitsa.

Usiku umenewo sindinagone kwenikweni. Ndinatchera alamu pa foni, ndinapemphanso mlonda wa pa loji kuti adzandigogodere. Wa takisi tinapangana madzulo omwewo, ndipo anafikadi. Pokweza katundu ndinachita zimene amalume anandiuza: ndinauza kondakitala kuti ndikatsikira pa raundabauti ya ku bwalo la ndege, choncho sutikesi yanga ikhale pafupi ndi chitseko. Nkhani yake ndi yakuti bwalo la Kenneth Kaunda lili kum'mawa kwa Lusaka, mbali imene basi yochokera ku Chipata imalowera. Ukangokhala chete, basi imakudutsitsa pa mphambano yake n'kukakutula pa Intercity pakati pa mzinda, kenako uyambenso kubwerera makilomita oposa makumi awiri m'chipiringu cha magalimoto a madzulo.

Tinanyamuka kukadali mdima, kukuzizira. Kunayamba kucha tikuyandikira Katete. Ndinayang'ana pawindo ndi chidwi china, chifukwa kuno ndi kumene kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana pa Kulamba mwezi wa August. Agogo anga ankakutchula ngati kumwamba, ine ndinangokudutsa ndili ndi tulo m'maso. Sinda, Petauke, Nyimba. Minda ya chimanga chouma, mabelo a thonje, ana a sukulu m'mbali mwa msewu. Ukanandibisira zikwangwani ndikanati tili ku Kasungu.

Ukadutsa Nyimba dziko limasintha. Msewu umayamba kukhotakhota, kutsika ndi kukwera m'mapiri a mitengo yokhayokha, midzi imatalikirana, ndipo kutentha kumalowa m'basi. Cha m'ma 10:30 tinaoloka mlatho wa Luangwa, wautali, wolendewera pa zingwe zachitsulo, umene unamangidwa mu 1968. Pali asilikali ndipo kujambula salola. Mayi amene ndinakhala naye anandigwira dzanja nditangotulutsa foni. Kutsidya kwake basi inaima pa kamsika ka nsomba zouma ndi madengu. Ndinadya nsomba yokazinga nditaimirira, ndikuwerengera kuti 3 koloko masana ndikhala ndili ku Lusaka. Ndinayamba kudandaula kuti maola onsewo ndikatani pa bwalo la ndege. Ndinafika poganiza kuti amalume ndi amantha chabe.

Tisanathe ola limodzi chichokereni pa mlatho, m'mapiri a Manenekela, basi inaima kumbuyo kwa mzere wa magalimoto. Dalaivala anazimitsa injini. Uthenga unabwera kuchokera kutsogolo, pakamwa ndi pakamwa: thiraki yalephera chitunda, yabwerera m'mbuyo n'kupingasa msewu wonse. Mbali ina phiri, mbali ina phompho. Njira ina yolambalala palibe.

Ola loyamba anthu ankaseka. Lachiwiri tinatsika n'kukhala pa miyala, pamthunzi wa basi. Netiweki kunalibe, ya kwathu ngakhale ya konko, ndipo ndinkadziwa kuti ku London kuli munthu wa pakati amene akuyang'ana foni yake, uthenga wake osandifika. Ndinatulutsa pepala la amalume n'kuyamba kuwerengera ngati iwo, chobwerera m'mbuyo. Pa bwalo 11 koloko. Kuchoka pano, maola atatu ndi theka. Ndiye malire anga ndi 7:30 madzulo. Ikakwana nthawi imeneyo tikadali pano, ndalama za achemwali zapita, ndipo ina sangagule. Ndinalemba 7:30 pa dzanja ngati mwana wa sukulu, sindikudziwa chifukwa chake.

Mayi uja anali wa ku Petauke, ankapita kukaona mwana wake wodwala ku Lusaka. Anandigawira mbatata yophika ndi madzi, anandifunsa kumene ndikupita, ndipo nditamufotokozera anangoti, "Muzafika, mwana wanga. Ndeke siinabwere n'komwe." Ndinaseka koyamba chiimireni. Kumbuyo kwathu mzere unali utatalika mpaka kuzimiririka pa khona. Penapake m'menemo, kapena kumbuyo kwake, munali basi ija yochokera ku Lilongwe imene ndinkafuna kukwera poyamba.

Chokoka thirakiyo chinafika dzuwa litapendeka. Anatsegula mbali imodzi ya msewu, apolisi n'kumalowetsa magalimoto pang'onopang'ono, khumi a uku, khumi a uko. Ife tinadutsa 5:40. Netiweki inabwerera tikuyandikira Rufunsa, foni inanjenjemera kosalekeza: mauthenga 23, ambiri a achemwali, awiri a amayi, ndi umodzi wa amalume wongoti "Uli pati?"

Ndinene zoona, ndalama imene achemwali anapulumutsa pogula tikiti ya ku Lusaka sinali yochepa, koma mukachotsapo minibasi, takisi, loji, basi, chakudya ndi SIM, yotsalayo ndi yoti munthu ungaiganizire kawiri. Kwa amene akuyenda ndi mwana wamng'ono kapena kholo lokalamba, ine ndingati lipirani ya ku Lumbadzi. Kwa wachinyamata wa sutikesi imodzi, njirayi ndi yotheka ndithu, ndipo ndingaiyendenso. Koma ndingadzanyamuke Lolemba.

Tinadutsa Chongwe kuli mdima. Pa raundabauti kondakitala anakumbukira, anakuwa "wa ku airport!", ndipo sutikesi inatuluka mosavuta. Ndinaitanitsa galimoto pa foni nditaima pafupi ndi magetsi a Waterfalls Mall, ndipo 9:40 ndinali ndikulowa m'nyumba yatsopano ya bwaloli, imene anaitsegulira mu 2021, yowala ngati masana. Ndinali ndi fumbi mpaka m'nsidze, ndikununkha nsomba ya pa Luangwa. Ndinakasamba kumaso ku bafa, ndinasintha bulauzi, kenako ndinaimbira amalume.

"Ndafika, amalume."

"Nthawi ili bwanji kumeneko?"

"Chimodzimodzi ndi kwanuko."

"Ndikudziwa. Ndimafuna uyang'ane wekha."

Sutikesi inalemera makilogalamu 22.6, ufa wa amayi unapulumuka. Mzere wa olowa ndi otuluka unali wautali, ndipo pamene ndinkafika pa windo wotchi ya pakhoma inali itadutsa 12 koloko. Wa pawindoyo anayang'ana masiku asanu ndi awiri aja, anayang'ana ine, n'kudinda. Chidindocho chinali cha Lachinayi.